A Mabuleki Atsuka Injini

Dzina lakuti a Mabuleki sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi ophunzira awo a kusukulu yoyendetsa galimoto, ndipo eni akewo ankavomera kuti linawakhala ngati jekete yochita kuyeza. Kuyambira ali ndi tsitsi lodzaza mutu mpaka dazi litatsetserekera kunkhongo, ntchito yawo inali imodzi: kukhala pampando wa pambali pa woyendetsa, phazi lili tcheru pa buleki yawoyawo, n'kumauza akuluakulu anzawo kuti, "Pang'onopang'ono. Kumene mukupitako kulibe miyendo, sikuthawa."

Phazi limenelo linazolowera moti silinkadziwanso tchuthi. Akakwera basi, linkaponda pansi dalaivala asanaganize n'komwe zoima. M'tchalitchi, mlaliki akayamba kuthamanga ndi mawu, linkaponda benchi ya kutsogolo. Akazi awo, amene anali telala ndipo ankasokera pakhonde, ankauza makasitomala kuti anakwatiwa ndi mwamuna yekhayo amene amaopa liwiro la wilibala. A Mabuleki sankatsutsa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero, ngakhale mumtima ankadziwa kuti chibadwire sanafunepo kuona maso a nkhono.

Tsiku lina masana, wophunzira wina, bambo wa thupi lake amene ankasokoneza buleki ndi moto, anakwera hampu ya pamsewu ngati ali nayo mangawa. Ekizosi, paipi ya utsi ija, inathothoka n'kuyamba kukhwekhwereza pansi, ikulira ngati zitini zomangirira kumchira wa galu. Malo apafupi owotcherera anali mumsewu wa kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, msewu umene a Mabuleki ankaulambalala ngati kuli matenda. Kumeneko n'kumene kunandanda magalaja osandutsa galimoto wamba kukhala zilombo. Wina ankaika mapaipi a utsi oti mkono n'kulowamo. Wina ankatsitsa galimoto mpaka mimba yake kumapsopsona phula. Wina ankalumikiza injini ku kompyuta n'kumagwedeza mutu ngati dokotala. A Mabuleki ankawatcha onsewo kuti magalaja a phokoso, ndipo ankauza ophunzira awo kuti anthu a kumeneko anayamwa petulo.

Analowa m'galaja yoyamba imene anaona moto wowotcherera. Pansi pa galimoto ina panatuluka miyendo, kenako mayi wamng'ono thupi, ovolosi atamanga m'chiuno, sipanala ili m'dzanja.

"Aphunzitsi!" anakuwa mayiyo. "Ee, lero mvula igwa."

Anamukumbukira nthawi yomweyo. Anali mtsikana uja amene pa phunziro loyamba, asanadziwe pamene pali kilatchi, anafunsa kuti giya yomaliza ili pati. Tsiku limene ankamupatsa mapepala ake, a Mabuleki anamulangiza ngati kholo kuti, "Mwana wanga, iwe galimoto si yako. Ukagule njinga, ya mabuleki abwino." Tsopano galaja yonseyo inali yake, ndipo msewu wonse unkamutcha Mphepo.

"Khalani apa, aphunzitsi, tikulumikizirani pompano," anatero Mphepo, akupukuta mpando ndi nsanza imene inali yakuda kuposa mpandowo.

Ali chikhalire, makaniko wina analiza galimoto yofiira imene inali pakona. Phokoso lake silinalowere m'makutu. Linalowera kumapazi, n'kukwera ndi miyendo, n'kukakhazikika pachifuwa, pamalo pamene a Mabuleki ankaganiza kuti pamangokhala chifuwa cha m'nyengo yozizira. Makanikoyo anapondanso moto, malata a denga ananjenjemera, ndipo a Mabuleki anadzipeza akumwetulira ngati chitsiru chimene chapatsidwa belu. Anatulutsa mpango msanga n'kunamizira kumina.

Manyazi anawadzutsa pampando. Anazungulira kuseri kwa galaja ngati akufuna pokodzera, ndipo kumeneko anapeza kagalimoto kakalekale ka zitseko ziwiri, kali phee pansi pa lona wong'ambika. Boneti yake inali yotsegula, m'kati mopanda kanthu, ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Pambali pake panali ndowa ndi makatoni odzaza zitsulo zakuda bii, zomatirira oyilo wouma ndi fumbi.

"Mwini wake anasamukira kunja, anandisiyira," anatero Mphepo, amene anali atawatsatira. "Injini iyi ndi yaukali kuposa zonse zili muno. Koma pafunika wotsuka chitsulo chimodzichimodzi, ndipo amakaniko angawa mitima ili m'mwamba. Amatsuka poonekera pokha ngati mwana posamba. Munthu wodekha ine ndinaonapo mmodzi yekha." Anawayang'ana m'maso. "Inu mukatsuka, ine ndimanga. Ikalira, woyamba kuiyendetsa ndinu."

"Ine?" anatero a Mabuleki. "Mwana wanga, ndili ndi mbiri yoti ndisunge."

Ananena mawu amenewo ndowa yoyamba ali atainyamula kale.

Kunyumba anaimika galimoto ya sukulu kuseri, n'kuyamba kutsitsa katunduyo mwakachetechete ngati wakuba amene akubweza zimene anaba. Makina osokera analeka kulira.

"Bambo, zimenezo n'chiyani?"

"Za kuntchito, mayi."

"Ntchito yake iti? Mwayamba kutola zitsulo zakutha?"

A Mabuleki anatenga katebulo kena kothyoka mwendo, n'kukachirikiza ndi njerwa pafupi ndi mpopi. Mphepo anali atawauza zoyenera kuchita: aviike m'palafini, zachitsulo azikwecha ndi burashi ya waya, zofewa azitsuka ndi mswachi, ndipo mabawuti asawasakanize ngakhale atawopsezedwa ndi mfuti. Beseni lochapira zovala linasanduka la palafini. Mathireyi a mazira anasanduka mogona mavalavu, iliyonse m'kabowo kake. Tizidutswa ta nsalu totsala posoka, timene akazi awo ankasunga m'thumba kuseri kwa chitseko, tinayamba kuchepa popanda wofotokoza.

Madzulo alionse akaweruka ankakhala pakatebulo paja mpaka dzuwa kupendeka. Pamitu ya mapisitoni panali mwaye wouma gwa, ngati zopserera za pansi pa poto woiwalika pamoto. Ankaunyowetsa, n'kudikira, n'kupala ndi kathabwa, n'kunyowetsanso. Timizere ta m'mbali ankatikokota ndi chidutswa cha ring'i ya pisitoni yothyoka. Timabowo todutsa oyilo ankatipopa ndi pampu ya njinga, ndipo tsiku loyamba anasuzumira m'bowo kuti aone ngati mwatseguka pa nthawi yomwe mpweya unkatuluka. Mawa lake anaphunzitsa ndi nsidze imodzi yakuda kuposa inzake.

Koma panali chinthu chimene sanachiyembekezere. Pisitoni yoyamba itayera, manambala ang'onoang'ono a kufakitale anaonekera pamwamba pake, osafufutika, ngati analembedwa dzulo. Anaitembenuza padzuwa, inawala. Pa zaka zonse zophunzitsa anthu, palibe wophunzira amene anawachokera m'manja ali wowala chotero. Ambiri ankachoka ali chimodzimodzi mmene anabwerera, kungowonjezerapo laisensi.

Matendawo anakula. Zikhadabo zinada moti mayi wina wophunzira anafunsa ngati kunyumba madzi anadula. Anagula kapu ya mlomo wautali, koma atadziona pagalasi la galimoto anaona ngati mlonda wa pamalo oimika njinga, ndiye kapuyo inakagona m'kabati. Loweruka lililonse ankapita kwa Mphepo kukapereka zotsuka ndi kukatenga zina, ndipo ankayesa kulankhula ngati eni msewu. Tsiku lina anaima pafupi ndi galimoto ina, manja kumbuyo, natchera khutu, nati, "Iyi ikupuma bwino." Amakaniko anayang'anana. Galimotoyo inali yozimitsa, ndipo injini yake inali pabenchi. Imene inkalira inali firiji ya zakumwa.

"Ndikudziwa," anauza akazi awo madzulo ake, akukwecha chitsulo. "Anzanga akakalamba amaweta nkhunda. Ine ndapenga ndi zinyalala za eni."

"Kupengako sindikudandaula," anatero akazi awo, ataima pakhomo la kukhitchini. "Chondiwawa n'chakuti zaka zonsezi m'nyumba muno simunatsukepo ngakhale supuni. Ndinkayesa manjawo amatupa ndi madzi. Lero chitsulo mukuchisambitsa ngati khanda, mpaka kuchifunditsa nsalu ya diresi ya kasitomala."

"Kanali kachidutswa chabe."

"Kanali kolala."

Zinthu zinkayenda bwino mpaka tsiku limene kunabwera alamu awo, mchimwene wa akazi awo. Alamuwo ankagulitsa mankhwala ophera mphemvu ndi otsukira zimbudzi, ndipo panalibe nkhani pansi pano imene sankaidziwa mutu ndi mchira. Anapeza a Mabuleki akulimbana ndi kabuleta, chida chija chimasakaniza petulo ndi mpweya. Inali ya timipata tambirimbiri, ndipo petulo wakale anali ataumiramo ngati utomoni.

"Alamu, mukudzizunziranji?" anatero mlendoyo, akukoka mpando. "Mswachi? M'zaka zino? Ndili ndi soda m'galimotomu, uja wotsegulira masinki otsekeka. Mungothira m'madzi, muviike, tipite tikamwe tiyi. Pobwera muzidzadziona nkhope."

A Mabuleki anazengereza. Mphepo sanatchulepo soda. Koma msana unkawawa, khosi litauma, ndipo kabuletayo inali itawadyera madzulo ambiri osasintha mtundu. Munthu amene anakalambira kuletsa anzake kudula njira anadula njira. Anathira soda m'ndowa, navundula ndi kamtengo, n'kuponyamo kabuleta yonse.

Tiyi sanafike n'kukamwa komwe. Kuseri kunayamba kumveka kuti fwiii, ngati mphaka waona galu. Atathamangirako anapeza ndowa ikuwira yokha popanda moto, thovu lotuwa likusefukira pansi, fungo lake lolasa m'mphuno ndi m'maso.

"Ndiye kuti ikugwira ntchito," anatero alamu aja, akubwerera chafutambuyo. Kenako anayang'ana wotchi imene analibe pamkono. "Iii, ndaiwala, pali kasitomala akundidikira."

A Mabuleki anavuula kabuletayo ndi mitengo iwiri n'kuitsira madzi a pampopi. Litsiro linali litachokadi. Linachoka pamodzi ndi kabuleta. Chimene chinatsala chinali chinthu chotuwa, chodzaza timaenje, ngati thabwa limene chiswe chachitirapo phwando. Atachigwira, chala chinabowola pakhoma pake.

"Aluminiyamu ndi soda sizimwerana madzi," anatero akazi awo, akuyang'ana thovu likulowera m'maluwa awo. "Mukanandifunsa. Achimwene anga omwewa anandiphera mapoto atatu."

Loweruka a Mabuleki ananyamula kabuletayo ataikulunga m'nsalu, ndi manja awiri, ngati kamwana ka mphaka kofa. Anaiika pabenchi ya Mphepo n'kuvundukula. Mphepo anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaitembenuza ndi sikuludalaivala. Amakaniko anasiya ntchito n'kuzungulira benchi ngati pamaliro.

"Aphunzitsi," anatero Mphepo motsitsa mawu, "kumene mumathamangirako kunali ndi miyendo?"

Galaja yonse inaphulika. Wina anachita kukhala pansi, wina anagona pa boneti akumenya ndi chikhatho. A Mabuleki anaseka nawo, chifukwa chinanso akanachita chiyani. Mawu ako omwe akakubwerera pakamwa pa mwana amene unamuuza kuti akagule njinga, umangovula chipewa.

"Zamtundu uwu m'sitolo mulibe," anatero Mphepo atapukuta misozi. "Muyenera kuyenda khomo ndi khomo. Mupite nokha. Akaona nkhope yanuyo amva chisoni."

Anayamba kwa wa maekizosi, bambo wa mapewa ngati chitseko amene makutu ake anatha ndi ntchito yake yomwe.

"Yatani?" anafunsa bamboyo.

"Ndinaiviika mu soda," ananong'ona a Mabuleki.

"Mwati?"

"Mu soda."

"SODA?" anakuwa bamboyo, mawu ake n'kukagunda malata a tsidya lina. "AKULU AWA AVIIKA KABULETA MU SODA!"

Kuyambira pamenepo sanafunikenso kufotokoza. Nkhani inkafika iwo asanafike. Kwa wotsitsa galimoto anawalandira ndi mpando ndi mafunso, koma kabuleta analibe. Kwa wa kompyuta, mwini wake anati chibadwire sanagwirepo kabuleta, ndipo anapempha kuti aijambule ndi foni, a Mabuleki ataigwira. Kwa wa matayala anapezako anthu atatu amene anawaphunzitsa okha, ndipo onse anakumbukira tsiku limene anawakalipira. Pofika kumapeto kwa msewu, dzina limene analisenza moyo wawo wonse linali litagwera m'ngalande. Ana ogulitsa madzi ankawalonjera kuti, "Mwaswera bwanji, a Soda?"

Kumapetoko kunali bwalo la zitsulo zakutha. Mwini wake anali nkhalamba ina imene inkawodzera pampando wa basi pansi pa mtengo. Inamva nkhaniyo maso ali chitsinzire, osaseka, ndipo chifukwa cha chimenecho a Mabuleki anaikonda pomwepo.

"Pansi pa mulu wa zitseko uwo," inatero nkhalambayo. "Mukaipeza ndi yanu. Koma mundiphunzitsire mayi a kunyumba kubwerera m'mbuyo. Geti langa latopa kuwotcherera."

Anakumba mulu uja mpaka malaya kumata pamsana. Anaipeza pansi penipeni, ili yonse, yamtundu womwewo. Mavu anali atamangamo nyumba, ndipo mmodzi mwa eni nyumbawo analipo. Anafika kwawo khutu lakumanzere litakula ngati la mbuzi, koma akuimba mluzu.

Imeneyi sanaiviike mu china chilichonse koma palafini, ndipo sanaitsuke okha. Akazi awo ataona zala zawo zonenepa zikulephera kulowa m'timipata, anasiya makina, navala magalasi, nakoka mpando.

"Bweretsani kuno musanaphenso ina."

Anatenga ulusi wolimba n'kuulowetsa m'kabowo kochepa ngati diso la singano, n'kumaukoka uku ndi uku mpaka utomoni unatuluka. A Mabuleki ankagwira, akazi awo ankakoka. Chichokereni ana m'nyumbamo, awiriwa ankalankhulana za magetsi, za mpopi wodontha, ndi za amene wamwalira. Pakatebulo paja anapezeka akukamba zina. Akazi awo anawauza kuti ali mtsikana ankalakalaka kukwera njinga yamoto, tsitsi lili pamtunda. A Mabuleki anaulula kuti nthawi zina wophunzira akalakwitsa n'kuponda moto, pamadutsa kamphindi iwo asanaponde buleki, ndipo kamphindi kameneko sikakhala kangozi.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndi chigawenga," anatero akazi awo. "Gwirani bwino, mukugwedeza."

Zitsulo zonse zitayera, Mphepo anayamba kumanga. A Mabuleki ankaima pambali ngati namwino m'chipinda cha opaleshoni, akupereka chilichonse chimene chaitanidwa, ndipo nthawi zambiri chinali cholondola. Zinkawawawa kuona mapisitoni awo owala akupakidwa oyilo n'kulowa mumdima momwe sadzawaonanso. Tsiku loiliza, injiniyo inakhosomola, inatsamwa, inatulutsa utsi wodzaza galaja, kenako inagwira. Inalira mokalipa, mosalala, ngati chinthu chimene chagona nthawi yaitali ndipo chadzuka ndi njala. Wa maekizosi uja anachita kuwoloka msewu kudzaona, chifukwa imeneyo anaimva. A Mabuleki anatulutsa mpango. Anati ndi utsi, ndipo onse anavomera kuti utsi unalidi wambiri.

Kunja kwa tauni kunali bwalo la ndege losiyidwa, kumene anthu a mumsewu uja ankakayesera galimoto zawo Loweruka masana. Tsiku lokayesa kagalimoto kaja, akazi awo a Mabuleki anabwera nawo, ambulera ili m'manja, nakhala pa tayala lakutha m'mphepete. Mphepo anawaveka a Mabuleki chipewa cholimba chija cha othamangitsa galimoto. Chinali chaching'ono, chinafinya masaya mpaka milomo inatuluka ngati ya nsomba.

Analowa, Mphepo nakhala pambali pawo. Anakonza mpando. Anamanga lamba. Anakonza galasi la m'kati, kenako la kumanja, kenako anapempha Mphepo akonze la kumanzere. Anayang'ana kutsogolo, kumbuyo, ndi paphewa. Kenako, pabwalo lotakasuka ngati nyanja, popanda ngakhale nkhuku, anayatsa indiketa.

Kumbuyo kunamveka kuwomba m'manja.

Galimoto inanyamuka bwinobwino, mwaulemu, ngati ikuperekeza mkwatibwi. Injini inkadandaula pansi pa boneti. Patapita kanthawi, bambo wina wogulitsa zakumwa zozizira anawapeza pa njinga yake, nayenda nawo limodzi, nasuzumira pawindo n'kufunsa ngati akufuna cha lalanje kapena chakuda.

"Aphunzitsi, pondani moto," anatero Mphepo.

"Ndaponda."

"Mwangousisita. Pondani!"

"Mwana wanga, phazi likukana. Si ine."

Mphepo anangotambasula dzanja, naligwetsa pabondo lawo, n'kukankhira pansi ndi mphamvu zonse za munthu womasula mabawuti a mathiraki.

Mpando unawamenya kumsana. Wa njinga uja anasowa ngati wamezedwa. "Giya!" anakuwa Mphepo, ndipo dzanja lawo linasintha lokha. "Ina!" Linasinthanso. Mitengo ya mpanda imene inkadutsa umodziumodzi inalumikizana n'kukhala khoma. M'galimotomo munali munthu amene ankakuwa mawu aatali osapuma, akuitana mayi ake amene anamwalira kalekale, ndipo a Mabuleki anafuna kumuuza kuti akhale chete asokoneza dalaivala. Kenako anazindikira mawuwo. Anazindikiranso kuti dzanja la Mphepo linali litachoka pabondo kalekale, ndipo phazi linali pansi mwa kufuna kwake.

Mapeto a phula anayamba kubwera, kuseri kwake kuli tchire. Apa m'pamene luso la moyo wawo wonse linapeza ntchito. Anaponda buleki monga momwe palibe wina mumsewu uja akanapondera, mwamphamvu koma osakwiyitsa matayala, ndipo kagalimotoko kanaima mowongoka, mphuno ili pafupi ndi udzu woyamba.

Kunali zii. Injini yokha inkapuma.

"Eee," anatero Mphepo. "Buleki imeneyo mudzandiphunzitse. Tibwereze?"

A Mabuleki anayesa kumasula zala pachiwongolero, zinamasuka chimodzichimodzi.

"Ayi, mwana wanga," anatero. "Kumeneko ndakuona. N'kwabwino kwambiri. Koma si koti ine n'kukhalako."

Anakana kubwerera pa galimoto. Anayenda wapansi bwalo lonselo, chipewa chili kumutu chifukwa chinakana kuvuka. Atafika, akazi awo anawakhazika pa tayala lija, naika bondo paphewa pawo, n'kukoka mpaka chinatuluka kuti phu.

"Kunali mbuzi m'galimotomo?" anafunsa. "Tonse kuno timamva mbuzi."

"Anali lamba wa injini, mayi."

"Lambayo amadziwa dzina la apongozi anga?"

Sanayendetsenso kagalimotoko. Koma Loweruka lotsatira anapezeka kwa Mphepo, ndipo pochoka m'buti munali ndowa ina, ya giyabokosi ya munthu wina. Wa maekizosi anayamba kuwatumizira zake. Ngakhale wa kompyuta uja anabwera tsiku lina ndi katoni m'manja, akufunsa ngati a Soda alipo. Alamu awo anamva mbiriyo ndipo anayamba kuuza anthu kuti ntchito imeneyi anawayambitsa ndi iwo.

Nyengo ya mvula itatha kunachitika mpikisano pabwalo lomwe lija, ndipo Mphepo analowetsa kagalimoto kaja, woyendetsa ali yekha. Anthu anadzaza m'mphepete mwa mpanda. A Mabuleki ndi akazi awo anapeza malo pafupi ndi pothera. Galimoto zitanyamuka, iwo anaizindikira yawo ndi khutu pakati pa phokoso lonselo, ndipo chimwemwe chinawakwera mpaka anagwira mkono wa bambo wina wachilendo amene anaima pambali pawo akudya mtedza.

"Akulu, mukuimva yoyerayo mmene ikulirira? Kabuleta imeneyo ndinatsuka ndine."

"Kabuleta n'chiyani?" anafunsa bamboyo.

Linali funso lolakwika kufunsa mphunzitsi. A Mabuleki anatembenuka, napereka msana kubwalo. Anabwereka chipepala cha mtedza n'kuchipinda ngati paipi. Anafotokoza polowera mpweya, podikira petulo, ndi pamene ziwirizo zimakumana. Anafotokoza za timabowo ndi ulusi. Anachenjeza bamboyo za soda, ndiponso za alamu. Bamboyo ankangoti "ehe, ehe," maso ali kwina, khosi akulitalikitsa kuti aone kuseri kwa dazi lawo. Anthu anakuwa, ena analumpha, wina anaponya chipewa m'mwamba. A Mabuleki anakweza mawu kuti amveke.

Kenako anamva kukoka pamalaya.

"Bambo," anatero akazi awo, "mpikisano watha."

Anatembenuka. Galimoto zinali zitaima kale, madalaivala akutuluka, fumbi likutsika.

"Watha? Yathu yafika yachingati?"

"Yachitatu."

Wa mtedza uja anali atathawa, chipepala chake n'kuwasiyira m'manja. Anachiyang'ana, nayang'ana bwalo, kenako anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Mayi," anatero, "ndiuzeni mmene yathamangira. Musasiye kanthu."

Akazi awo anawafotokozera njira yonse yopita kugeti: mmene Mphepo anatsalira ponyamuka, mmene anapitira yobiriwira pokhota, mmene yofiira inamutsekera njira kawiri konse. Nkhani imeneyo a Mabuleki amaikamba mpaka lero, m'magalaja ndi kwa ophunzira, manja akuwongolera m'malere ngati anaona ndi maso awo. Omvera amangodabwa chinthu chimodzi. Ikafika pokoma penipeni, galimoto zili khosi ndi khosi, amaima n'kunena mokhumudwa kuti ovolosi ya wopambanayo inali yosokedwa mokhota m'khwapa, ndipo telala wake sanabweze ulusi pomaliza.